Manja Amanzere m'Kalasi ya Etelka Néni

Kalata imene inabweretsa woyendera sukulu m'kalasi ya Etelka néni ndinalemba ndine. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asandiyese munthu wabwino akamawerenga zotsatirazi.

Chinali chaka cha 1984. Ndinali ndi zaka 29, ndikuphunzitsa masamu m'kalasi 7 ndi 8 pa sukulu ya mudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje wa Tisza, kumene boma linanditaya nditangomaliza maphunziro. Ndimati linanditaya chifukwa mtima wanga unali kutauni, ndipo njira yobwererako inali imodzi yokha: ana anga akhoze bwino mayeso a aljebura a chigawo chonse, dzina langa limveke kuofesi. Koma ana onsewo ankafika kwa ine kuchokera m'manja mwa Etelka néni, amene anagwira masamu a kalasi 5 ndi 6 kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo pa zaka 31 zonsezo sanamalizepo buku ndi kamodzi komwe.

Dzina lawo lonse linali Bordás Etelka, koma mudzi wonse unkangoti Etelka néni, kutanthauza azakhali Etelka, kuyambira tiana ta kalasi 1 mpaka ahedi athu, a Zsoldos, amene nawonso anakhalapo pa benchi la m'kalasi mwawo ali mwana. Anali aafupi, ojintcha, ndipo ankayenda ngati dzuwa likuwadikira. Ankavala chijasi chabuluu cha kuntchito chimene matumba ake ankalendewera ndi nyemba zouma. Sanakwatiwepo. Ankakhala ndi mng'ono wawo wodwaladwala kumapeto kwa msewu wa kutchalitchi, ndipo njinga yawo inkamveka isanaoneke.

Anabadwira m'kanyumba ka pa khoma ladothi lotchinga mtsinje, chifukwa bambo awo anali mlonda wa khomalo. Ntchito ya mlonda inali kuwerenga madzi m'mawa uliwonse pa thabwa la manambala lokhomedwa pa mzati wa mlatho, n'kuimba foni kuofesi. Maso a bambowo atayamba kufooka, ankatuma mwana wawoyo ali ndi zaka 7 zokha. Nkhani imene Etelka néni ankakonda kutiuza ndi ya tsiku limene anabwera akuthamanga n'kunena kuti madzi ali pa 612, pamene dzulo lake anali pa 510. Bambowo sanadzuke n'komwe pampando. Anangowauza kuti abwerere akaonenso, chifukwa madzi okwera chotero akanawamva ali m'tulo, ndipo abakha sakanakhala phee pabwalo. Atabwerera anapeza 512. Ankati kuyambira tsiku limenelo nambala iliyonse ankayamba aifunsa ngati ingatheke asanaikhulupirire.

Ndi mmenenso ankaphunzitsira. M'kalasi mwawo mwana sankaloledwa kugwira pensulo asananene kuti yankho likhala pafupifupi zingati. Akalemba 49 kuchulukitsa ndi 6, ankafuna uyambe wanena kuti sizifika 300, unenenso kuti ziperewera ndi zingati. Mwezi wa Seputembala, mtsinje ukaphwa, ankatsika ndi kalasi yonse kumlatho kukaona madzi ali pansi pa ziro. Ana ankabwerako nsapato zili matope okhaokha, akukangana ngati 40 wa pansi pa ziro ndi madzi ambiri kapena ochepa kuposa 15 wa pansi pa ziro, ndipo mkanganowo unkatha mlungu wathunthu. Eni akewo ankangokhala pambali n'kumafunsa mwana aliyense kuti wadziwa bwanji. Mwana akalakwa sankamuuza. Ankamupatsa funso lina laling'ono, kenako lina, mpaka mwanayo adzigwire yekha.

Ine zinkandiwawa. Ndinene chilungamo, ana awo sankalemba mayankho opusa. Sindinaonepo mwana wa Etelka néni akulemba kuti sitima imayenda makilomita 4,000 pa ola n'kujambula mzere pansi pake monyadira, monga ankachitira ana a kutauni kumene ndinaphunzirira ntchito. Koma ankafika kwa ine mitu itatu ya buku asanaione, ndipo ndikawapatsa lamulo ankandiyang'ana ngati ndawapatsa chakudya chosapsa. Aliyense ankafuna kudziwa chifukwa chake. Ine ndinalibe nthawi ya zifukwa, chifukwa mayeso a chigawo sankafunsa zimenezo.

Tinakangana mwezi wa Febuluwale m'chipinda cha aphunzitsi, pafupi ndi mbaula ya malasha. Iwo anali akudya buledi wopaka mafuta a nkhumba wowaza tsabola wa paprika, monga tsiku lililonse. Ndinawauza, anthu onse akumva, kuti buku lili ndi masamba 180 koma iwo ali pa tsamba 90.

"Masamba enawo akuthawira kuti?" anandifunsa, akupukuta chala pa chijasi.

Aphunzitsi ena anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunandipsetsa mtima. Ndinati ana awo amafika kwa ine osadziwa kanthu, ndipo ine ndimagwira ntchito ya anthu awiri.

"Iwe Sarolta, kuthamanga sikufika," anatero osakweza mawu. "Chilembo chako cha x chija ndi thumba lomanga. Mwana amene sadziwa kulemera kwa nambala, ukam'senzetsa thumba limenelo sadziwa ngati muli nthenga kapena miyala. Ine ndikukukonzera ana amene adzadziwe. Dikira pang'ono."

Sindinadikire. Lamlungu lotsatira ndinakhala patebulo n'kulemba kalata yopita kuofesi ya maphunziro ya chigawo. Ndinailemba bwino, ndi dzanja langa lolemba mokongola limene aphunzitsi onse ankalisirira, ndipo ndinaikamo masamba onse amene analumphidwa m'zaka zitatu. Nditaiponya m'bokosi la positi ndinamva kupepukidwa. Ndinkaganiza kuti adzangolandira kalata yowadzudzula, afulumireko pang'ono, basi.

Patapita milungu itatu a Zsoldos anatiitana tonse nthawi yopuma. Nkhope yawo inali itagwa. Anati Lachinayi kukubwera woyendera masamu, a Kanizsai, kudzaonera phunziro limodzi m'kalasi 5, ndipo mnzawo wa kuofesi wawatsina khutu kuti nkhani si yaing'ono. Lipoti likaipa, Etelka néni achotsedwa pa masamu n'kuikidwa kuchipinda cha masana, kumene ana a makolo ogwira ntchito kumunda wa kopaletivu amadikirira mpaka madzulo. Kumeneko ntchito inali kugawa supu, kupukuta mamina ndi kuletsa ndewu. Anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito. A Zsoldos anati wina walemba kalata, koma sanauzidwe dzina. Ine ndinayang'ana m'kapu yanga ya khofi ngati muli chinthu chofunika kwambiri.

Aliyense ankadziwa chochita woyendera akamabwera. Phunziro unkaliphunzitsa kawiri kapena katatu tsikulo lisanafike, mwana aliyense adziwe funso lake. Ndipo unkawauza za manja: mphunzitsi akafunsa, onse akweze dzanja, wodziwa yankho lamanja, wosadziwa lamanzere. Woyendera ankaona kalasi yonse ili yoo, mphunzitsi n'kumasankha amanja okhaokha. Tonse tinakulira momwemo, tonse tinkachita, ndipo palibe ankakutcha kuti kuba. Kunali ngati kusesa pabwalo alendo akamabwera.

A Zsoldos anawachonderera Etelka néni kuti achite zomwezo, kamodzi kokha m'moyo wawo. Anawakumbutsa za mng'ono wawo, za zaka ziwiri zotsalazo, ngakhale za mmene iwo eni anawalemekezera kuyambira ali mwana. Etelka néni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati Lachinayi adzaphunzitsa zimene anakonza kuphunzitsa Lachinayi, ndipo ngati bamboyo akufuna sewero apite kunyumba ya zisudzo kutauni. Ananyamula chikwama chawo n'kupita kukalasi.

Ine ndinkangofuna kuti Etelka néni afulumire, osati kuti akapukute mamina. Ndikakumana nawo pakhonde ankandipatsa moni monga mwa masiku onse, ndipo Lachiwiri anandipatsa botolo la jamu wa mapulamu chifukwa anamva kuti ndikutsokomola. Ndinalilandira ndi manja awiri. Kuulula sindikanatha. Ndiye ndinaganiza zowapulumutsa mseri, monga ndinawagwetsera mseri.

Lachitatu mphunzitsi wa nyimbo anadwala, ndipo ola lake la m'kalasi 5 linagwera ine. Ndinatseka chitseko n'kuwauza ana aja kuti mawa kukubwera munthu amene angawachotsere Etelka néni. Ena anayamba kulengeza misozi. Ndinati pali njira yowathandiza, ndipo ndinawaphunzitsa za manja. Mafunso a mawa sindinkawadziwa, chifukwa Etelka néni ankawatulutsa m'mutu, koma manja okha ndinawayesetsa ola lonse mpaka anayamba kukwera pamodzi ngati asilikali. Kamtsikana kena ka kutsogolo, Ibolya, mwana wa woyendetsa thirakitala, kanandifunsa ngati kumeneko si kunama. Ndinakayankha kuti ndi kuthandiza, ndipo ndinalamula kuti aliyense atseke pakamwa mpaka mawa.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinali nditakonza ana, koma chinyengocho sichigwira ntchito mphunzitsi asakuchidziwa. Ndinayenera kuwauza eni ake, ndipo ndinazengereza mpaka Lachinayi m'mawa, belu litalira kale. Ndinawapeza pakhomo pa kalasi atanyamula mbale ziwiri zachitsulo za kukhitchini. Kumapeto kwa khonde a Zsoldos ankabwera ndi mlendo, bambo wamtali wowonda wa suti yotuwa.

"Etelka néni," ndinanong'ona, "onse akweza manja. Muzisankha amanja okha."

Anandiyang'ana. Sanakwiye, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangondiyang'ana nthawi yaitali ngati mmene ankayang'anira yankho losatheka pabolodi. Alendo aja anafika, tinapatsana moni, tonse n'kulowa. Ine ndinali ndi mpando kumbuyo pamodzi ndi a Zsoldos ndi a Kanizsai, monga mphunzitsi mnzawo wa masamu.

Ana anaimirira, anapereka moni, anakhala. A Kanizsai anavula wotchi n'kuiika pa bondo, pambali pa pepala la ndondomeko ya phunziro limene Etelka néni anapereka. Ndinasuzumira ndipo ndinaona kuti linali ndi zigawo zitatu. Mphindi zinali 45.

Etelka néni analemba pabolodi mzere umodzi: 38 + 27 = □ + 28. Anati ana asagwire pensulo, angoyang'ana. Anadikira pang'ono, kenako anafunsa kuti m'bokosimo mukhala chiyani.

Manja 26 anakwera nthawi imodzi. M'kalasi imeneyo zoterozo zinali zisanachitikepo. Masiku onse manja ankakwera limodzilimodzi, ena theka, ena n'kutsikanso mwini wake akuganizabe. A Zsoldos anapuma mwamphamvu ngati munthu amene watula katundu. Ine ndinawerenga msangamsanga ndipo amanzere analipo 9. Ndinkangopemphera kuti aloze kumanja.

Etelka néni anayang'ana manjawo mmodzimmodzi, kuyambira kuzenera mpaka kukhomo.

"Amene mwakweza lamanja, tsitsani," anatero. "Inu mudikire. Amanzere, bwerani kuno kutsogolo. Lero ndi tsiku lanu."

Palibe munthu wamkulu m'dziko lathu amene sakanamva tanthauzo la mawu amenewo. A Kanizsai anakweza mutu pang'onopang'ono, anayang'ana a Zsoldos, kenako analemba kanthu m'kope lawo. Khosi la a Zsoldos linafiira mpaka m'makutu. Ana 9 aja anatuluka m'mabenchi akuyang'ana pansi, ena akucheukira kwa ine. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Anayamba ndi Ibolya. Anamuuza kuti asaope, angonena nambala imene inabwera m'mutu mwake poyamba. Ibolya anati 65. Anamufunsa kuti wadziwa bwanji, ndipo mwanayo anati 38 ndi 27 ndi 65, ndipo pambuyo pa timizere tiwiri pamabwera yankho. Ana ena asanu mwa 9 aja anagwedeza mitu kuvomereza.

Mphunzitsi wina aliyense, ine ndemwe, akanati walakwa, timizere tiwirito tikutanthauza kuti mbali ziwirizi n'zofanana, khala pansi. Ndi mawu a masekondi khumi. Etelka néni analemba 65 m'bokosimo ndi dzanja lawo, woyendera akuona, n'kuisiya pomwepo. Yankho lolakwa linakhala pabolodi lili tayale. Kenako analemba pansi pake mzere wina waung'ono, 8 + 5 = □ + 6, anaika mbale ziwiri zija patebulo, n'kutulutsa nyemba m'thumba la chijasi. M'mbale yoyamba anaunjika timilu tiwiri, ka 8 ndi ka 5. M'mbale yachiwiri anaika ka 6 kokha, ndipo anauza anawo kuti aliyense aganize kamulu kamene kakusowa.

Mphindi 15 zinali zitapita. Mnyamata wina, Bandi, anatambasula dzanja, anachotsa nyemba imodzi pa 8, n'kuiika pa 5. Anayang'ana zimene wachita, nkhope yake n'kuwala. Anati m'bokosimo ndi 7, chifukwa imodzi yangosamuka, nyemba sizinachuluke. Kenako anacheukira mzere wapamwamba uja n'kunena kuti ndiye kuti uko ndi 37, ndipo sipafunika kuwerengera n'komwe. Etelka néni sanamuyamikire. Anangomuuza kuti akhale pansi asunge zimenezo, asasokoneze anzake. Mmodzimmodzi ena anaona, aliyense m'njira yake, n'kumabwerera kumabenchi. Pofika mphindi 30 kutsogolo kunatsala Ibolya yekha.

Mwanayo anali wouma khosi. Anawerenga nyemba 13 n'kuziunjika pambali pa 6 uja, chifukwa 8 ndi 5 ndi 13 ndipo palibe akanamuuza zina. Etelka néni anamufunsa ngati mbale ziwirizo zili ndi nyemba zofanana. Ibolya anayang'ana, anati ayi. Anamufunsa kuti nanga bwanji. Mwanayo anati sakudziwa, koma yankho ndi 13. Milomo yake inayamba kunjenjemera.

A Zsoldos anali akupotokola mpango m'manja. Zigawo ziwiri za phunziro zinali zisanakhudzidwe, ana 25 atangokhala, ndipo 65 uja ali pabolodi. A Kanizsai anayang'ana wotchi, anatsokomola, kenako analankhula, chinthu chimene woyendera sachita phunziro lili m'kati.

"Aphunzitsi, muuzeni mwanayo. Nthawi yatha."

"Ali pafupi," anayankha Etelka néni osatembenuka.

"Mwatsala ndi mphindi zisanu ndi zigawo ziwiri."

"Ndamva, bambo. Ali pafupi."

Anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi ya mwanayo, ndipo anamufunsa chapansipansi kuti ngati mbale ziwirizi zikanakhala za iye ndi mchimwene wake, akanachita chiyani kuti pasakhale ndewu. Ibolya anasiya kunjenjemera. Anayang'ana mbale iyi, anayang'ana iyo. Dzanja lake linanyamuka n'kuima pamwamba pa mulu wa 13 uja, zala zitatambasuka. Ngakhale a Kanizsai anasendera kutsogolo pampando. Ndinaona zala zija zikuyamba kutsika.

Belu linalira. Mwanayo anadzidzimuka, anabweza dzanja n'kulibisa kumbuyo, ndipo chimene chinali kubwera m'maso mwake chinabwerera. Pakhonde panayamba phokoso la makalasi ena. Etelka néni anamusisita pamutu n'kumuuza kuti nyembazo zimudikira, sizimera usiku umodzi.

Tinakakhala anthu anayi muofesi ya ahedi. A Kanizsai anatsegula kope lawo n'kufunsa kuti anaphunzitsa ana za manja ndani. Etelka néni anati kalasi ndi yawo, choncho zonse zochitika m'menemo ndi zawo. Apo ndiye sindinathenso kupirira. Ndinaimirira n'kunena kuti ndine, kuti iwo sankadziwa kanthu, kuti anakana ngakhale kubwereza phunziro. Ndinalankhula ndikulira, ndipo pansi pa mtima ndinkadziona ngati ngwazi.

A Kanizsai anandiuza kuti ndikhale pansi. Anati za manjazo amaziona pa sukulu iliyonse, iwonso anakwezapo lamanzere ali mwana, ndipo sazilemba m'lipoti. Anati phunziro limene aona sadzaliiwala msanga, ndipo ananena zimenezi moona mtima. Koma iwo sanatumidwe kudzaona zimenezo. Anatumidwa kudzaona ngati zimene zinalembedwa kuofesi n'zoona, kuti m'kalasi imeneyi ntchito ya chaka simalizidwa. Apo anatsegula chikwama, anatulutsa pepala, n'kuliyala patebulo kuti awerenge masamba olumphidwa aja.

Dzina langa analipinda kuti lisaoneke. Anachita mwaulemu, koma zinali zopanda phindu. Dzanja langa ankalidziwa aliyense pasukulupo, chifukwa ndine ndinkalemba zikalata za ana omaliza kalasi 8. A Zsoldos anayang'ana pepalalo, anandiyang'ana ine, n'kutembenukira kuzenera. Etelka néni anavala magalasi, anawerama, anawerenga mizere ingapo ngati akuchonga ntchito ya mwana. Kenako anavula magalasiwo.

"Manambalawa ndi oona," anatero. "Sanalakwitse ngakhale imodzi."

A Kanizsai anawafunsa ngati angalonjeze kumaliza buku pofika mwezi wa Juni. Anawafunsa kawiri, ndipo kachiwiriko anachita ngati akuwapempha. Anati akangonena kuti inde, iwo alemba zomwezo, nkhani ithere pomwepo. A Zsoldos anali akugwedeza mutu kumbuyo kwa mlendoyo ngati mbuzi yomangidwa. Ndikhulupirira kuti Etelka néni anaganizadi za mng'ono wawo ndi za zaka ziwiri zija. Kenako anati sangalonjeze, chifukwa masamba 90 m'miyezi itatu ndi nambala yosatheka, ndipo akanena kuti inde ndiye kuti anama kwa bamboyo lero kapena adzanama kwa ana mawa.

Kalata ya kuofesi inafika Isitala itangodutsa. Etelka néni anapita kuchipinda cha masana, ndipo masamu a kalasi 5 ndi 6 anapatsidwa kwa ine, ndi lamulo lakuti ndimalize buku. A Zsoldos anandipatsa kaundula wa kalasi osandiyang'ana kumaso. M'chipinda cha aphunzitsi, ndikalowa nkhani zinkatha. Etelka néni sanandinyoze, sanandinene kwa munthu, koma kuyambira tsiku la woyendera lija sanandilankhulenso. Tikakumana ankangogwedeza mutu. Ankafika pasukulu masana, ndipo ndikamatuluka ndinkawaona pazenera la chipinda chodyera atanyamula chipande, akugawira supu tiana ta kalasi 1.

Mlungu woyamba ndinathamanga ngati wothamangitsidwa ndi galu. Ana aja ankandimvera mwamantha, palibe anafunsa chifukwa chake. Ndinkamaliza masamba anayi pa tsiku.

Lachisanu la mlungu umenewo, ndikumasula njinga yanga pabwalo, ndinamva wina akunditchula dzina. Anali iwo, atavala epuloni ya kukhitchini pamwamba pa chijasi chabuluu chija. Kwa milungu isanu ndinali nditakonza mawu opepesa, ndipo ndinayamba kuwatulutsa onse nthawi imodzi. Anakweza dzanja kundiletsa.

"Zimenezo zisiye, Sarolta, ndi zako. Ndabwera ndi pempho limodzi. Ibolya uja, za bokosi zija, usamuuze. Tinabwererako kawiri Isitala isanafike, ndipo watsala pang'ono kwambiri. Um'patse mbale ndi nyemba, umusiye pakona mphindi khumi. Adzazipeza yekha, ndipo akazipeza yekha x wako sadzamuvuta moyo wake wonse."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kathumba ka nsalu kodzaza nyemba, atakamanga bwino ndi ulusi. Anakatambasulira kwa ine. Sindinakalandire. Ndikanatha kunama, ndipo ndinaganizadi zonama, koma munthu ameneyu anali atataya kalasi yake chifukwa chokana kunena inde mmodzi.

"Ndinamuuza kale, Etelka néni. Lachiwiri. Ndinawapatsa onse lamulo, kuti nambala ikawoloka timizere tiwiri isinthe chizindikiro."

Dzanja lawo linakhalabe m'malere kwa kanthawi.

"Akupeza?"

"Akupeza zonse. Dzulo anakhoza khumi pa khumi."

"Wakufunsa chifukwa chake?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Pa zonse zimene ndinawachita, kalata, manja, manyazi a pamaso pa mlendo, sindinawaonepo nkhope itagwa ngati mmene inagwera pamenepo. Anaoneka okalamba mwadzidzidzi, ndipo ine ndinamva chisoni chimene sichinandichokebe mpaka lero. Anabweza kathumba kaja m'thumba la chijasi.

"Ndiye basi," anatero. "Sadzafunsanso."

Kuchipinda chodyera mwana wina anayamba kulira, wina atamutayira supu pamalaya. Etelka néni anapukuta manja pa epuloni n'kubwerera kukamuona.